Asing'anga ndi Acipatala Agwirizane pa Nkhondo ya Malungo

Awa ndi mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa mafumu, asing'anga, azamba ndi anchito a zaumoyo m'Cigawo ca Kum'mawa. Wolankhula ndi mkulu wina amene anagwira nchito m'zipatala za kumidzi zaka zambiri asanapume.

 Ndithokoza kuti mwagoneka makasu anu nthawi ino ya kupalira ndi kubwera kudzamva mau a munthu wokalamba.

Ndiyambe ndi kuulula pamene ndaima, kuti wina asandiyese mlendo pa nkhaniyi. Ine ndinabvala malaya oyera a cipatala kufikira tsitsi langa linafanana nawo. Koma amene anandilera ndi ambuya anga, mai a amai, ndipo iwo anali odziwa mizu. Ndiri mwana ndinali kuwanyamulira kakhasu popita kuthengo, ndipo kuwawa kwa muwawani ndikudziwa ndi lilime langa. Cotero ngati ndidzudzula asing'anga lero, ndidzudzula a pabanja langa. Ngati ndidzudzula acipatala, ndidzidzudzula ndekha.

Ena afunsa kuti, kodi nkoyenera kusakaniza mankhwala a cikuda ndi a cipatala? Funso limeneli lacedwa. Anthu athu anasakaniza kale, ndipo sanapemphe cilolezo kwa munthu. Mwana akatentha thupi madzulo, amake athamangira pa kantemba kukagula panado. M'mawa aphika masamba a nimu kapena a papaya. Tsiku laciwiri ambuya ake a mwana anena kuti tipite kwa asing'anga. Tsiku lacitatu ndipo abereka mwana kupita ku kiliniki, ndipo pobwerera apitiranso kwa asing'anga kukatsiriza. Izi muzidziwa inu, ndizidziwa ine. Cimene tasonkhanira pano ndico kufunsa kuti pa zinthu zonsezi coyamba ncotani, cifukwa banja lina licita zomwezi mwana nacira, lina licita zomwezi mwana namwalira, ndipo kusiyana kwake kuli pa masiku amene anapita mwana asanapimidwe magazi.

Tiyeni timdziwe mdaniyo. Makolo athu anati malungo abwera cifukwa ca kudya mango osapsa, kutafuna misale, kapena kubvumbwa ndi mvula. Sanali opusa: anaona bwino kuti matendawa acuruka pa nyengo imene mango ndi misale zipezeka. Cimene maso awo sakanaona ndico cakuti nyengo yomweyo ndiyo imene madzi aima m'zithaphwi, m'mapazi a ng'ombe ndi m'maenje oumbira njerwa, ndipo m'madzi amenewo ndimo muswana udzudzu. Dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, ndiye anayamba kuona kacirombo ka malungo m'magazi a munthu mu 1880 ku Algeria, ndipo Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu mu 1897 ku India. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene uluma usiku, ulavulira tizirombo m'thupi. Tizirombo tiyamba tabisala m'ciwindi pafupifupi sabata imodzi munthu osamva kanthu, kenaka tituruka ndi kulowa m'magazi, ndipo m'menemo tiswana ndi kuphulitsa timbulu tofiira ta magazi. Ndiye kuzizidwa kuja, ndiye kutentha kuja, ndiye kuyera kwa zikhato za mwana. Mtundu umene ucuruka kuno kwathu uchedwa Plasmodium falciparum, ndipo ndiwo woopsa pa yonse, pakuti utha kutseka timitsempha ta mu ubongo ndi kupha mwana m'tsiku limodzi kapena awiri. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linawerengera kuti mu 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, ocuruka koposa a muno mu Africa, ndipo mwa iwo ambiri anali ana osafika zaka 5.

Tsopano mverani, inu asing'anga, nkhani imene iyenera kukukwezani mutu. Mankhwala awiri akuru amene dziko lapansi ladalira pa malungo onse anacokera ku mitengo, ndipo onse anadziwika poyamba kwa anthu wamba.

Woyamba ndi kwinini. Kwinini acokera ku makungwa a mtengo wa cinchona umene umera m'mapiri a Andes ku South America. Makungwawo anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo anthu anali kuwasinja ndi kumwa ufa wake monga momwe ife timwera muwawani. Ena anacira, ena ai, cifukwa khungwa lina linali lamphamvu ndipo lina linali lopanda kanthu. Mu 1820 akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anapatula m'khungwamo cinthu ceniceni cimene cipha tizirombo, ndipo kuyambira pamenepo cinatheka kunena kuti munthu wamkulu amwe wocuruka motere, mwana motere.

Waciwiri ndiye ali m'mapilisi a Coartem amene mulandira ku kiliniki lero. Mu 1967 boma la China linayamba nchito yofunafuna mankhwala atsopano a malungo. Mai wina wa sayansi, Tu Youyou, ndi anzake anasonkhanitsa njira za makolo zoposa 2,000 kucokera m'mabuku akale ndi kwa asing'anga a kwao. Citsamba cina cochedwa qinghao, kapena Artemisia annua, cinali kuonetsa mphamvu lero, mawa osaonetsa. Mai uja anabwerera ku buku la sing'anga Ge Hong, lolembedwa zaka zoposa 1,600 zapitazo, napeza kuti mwini wake sanali kuphika citsambaco ai, anali kuciviika m'madzi ndi kucifinya. Anazindikira kuti moto ndiwo unali kuononga mphamvu yake. Mu 1971 anapeza njira yoturutsira mankhwalawo popanda kutentha kwambiri, anayesa pa mbewa ndi pa anyani, anamwa iye mwini asanapatse odwala, ndipo mu 2015 analandira mphotho ya Nobel. Taonani: nzeru inali ya sing'anga wakale, ngakhale kakonzedwe kake, cimene sayansi inaonjezapo ndi kupima.

Pamenepa ndipo pagona kusiyana konse. Ambuya anga anali kunena kuti tenga makungwa odzaza dzanja. Koma dzanja la yani? Khungwa la mtengo wa kudambo kodi lifanana ndi la kuphiri, la m'dzinja ndi la m'cilimwe? Sing'anga woona mtima abvomera kuti sadziwa kucuruka kwa mphamvu imene iri m'kapu imene apatsa wodwala. Pa matenda ena zimenezi sizibvuta kwambiri. Pa malungo zibvuta, cifukwa tizirombo tikalandira mankhwala ocepa sitifa tonse. Tofooka tifa, tolimba titsala, ndipo totsalato tibala ana osamva mankhwala.

Ife akuluakulu taona zimenezi ndi maso. Mukumbukira klorokwini, uja woyabwa m'thupi, amene anali m'nyumba iriyonse. Anali wochipa ndi wamphamvu. Tinali kumwa awiri, thupi likazizira nkusungira ena mawa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 tizirombo tosamva klorokwini tinaoneka ku East Africa, ndipo tinafalikira kufika kuno. Anzathu a ku Malawi anamsiya mu 1993. Ife mu 2002 tinasankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo m'dziko lonse, ndipo Zambia inatsogolera maiko a mu Africa pa cosankha cimeneco. Koma musayese kuti nkhondo inathera pomwepo. Ku Rwanda, ku Uganda, ku Eritrea ndi kwa anansi athu a ku Tanzania kwapezeka kale tizirombo timene ticedwa kufa ndi mankhwala ocokera ku citsamba cija ca ku China. Ndico cifukwa cake mu 2019 WHO inanena poyera kuti siibvomereza kumwa masamba a Artemisia monga tiyi pociritsa kapena popewa malungo. Ndidziwa kuti ena mwa inu munabzala citsambaci kuseri kwa nyumba ndi mtima wabwino. Koma tiyi wake ndiye muyeso wocepa uja, ndipo tikaphunzitsa tizirombo kupirira tiyi, tidzapirira ndi mapilisi omwe, ndipo pamenepo tidzalira tonse.

Wina pano anena mumtima kuti, nanga ine ndinamwa nimu ndi kucira, mkuluyu anena ciani? Sindikutsutsani. Koma pali zinthu ziwiri. Coyamba, inu amene mwakula muli kulumidwa ndi udzudzu caka ndi caka, thupi lanu linaphunzira kulimbana ndi malungo pang'ono; mutha kudwala masiku atatu ndi kudzuka, mutamwa nimu kapena osamwa. Mwana wa zaka ziwiri alibe citetezo cimeneco, mai wapakati cace cimacepa, ndipo mwana wanu amene wakhala ku Lusaka zaka zambiri cinamthera. Cimene cinadzutsa inu sicingadzutse iwo. Caciwiri ciri m'cinenero cathu comwe. Ife tichula malungo kutentha thupi kulikonse. Cibayo ndi malungo, cimfine ndi malungo, kutopa ndi nchito ya m'munda ndi malungo. Munthu amene anacira ndi masamba mwina analibe kacirombo nkomwe. Ndipo acipatala nafenso tinalakwa momwemo zaka zambiri, kupatsa klorokwini yense wotentha thupi, mwana wa cibayo natifera m'manja. Lero kuli kacipangizo kopimira: kadontho kamodzi ka magazi a pa cala, ndipo pasanathe mphindi 20 yankho laturuka. Ula umene unena zoona pa malungo ndi umenewo, ndipo anchito a zaumoyo a m'midzi ayenda nao m'cola.

Sindinena kuti mitengo yathu iribe kanthu. Ku Mali akatswiri a zaumoyo anakhala pansi ndi sing'anga wa m'mudzi, napima mankhwala ake a citsamba ca Argemone mexicana pa odwala enieni, kuyerekeza ndi mapilisi a cipatala. Zotsatira zake zinaturuka mu 2010: odwala ambiri anapeza bwino, koma citsambaco sicinayeretse magazi monga mapilisi. Umenewo ndiwo ulemu weniweni kwa sing'anga, kutenga mankhwala ake ndi kuwaika pa sikelo. Nafenso tiri ndi malo ofufuzira matenda ku Ndola, amene anayamba mu 1975 ndi dzina la Tropical Diseases Research Centre. Muwawani, futsa ndi nimu ziyenera kupita pa sikelo yomweyo. Koma pamene tiyembekeza, tisayesere pa ana.

Ndifika tsopano pa nkhani imene inandibweretsa. Usiku wina, ndiri wacinyamata pa kacipatala kena ka kumudzi, anabwera nae mwana wamkazi wa zaka zitatu pa ngolo ya ng'ombe. Anatentha thupi Lolemba. Lacitatu anayamba kugwedezeka, maso kutembenuka, mano kulumana. Akulu a pamudzi anati awa si malungo, malungo sacita cotere, mwanayu wapondedwa kapena pali amene anamsempha. Anapita nae kwa sing'anga, amene anamtema mphini pamphumi ndi pansi pa nthiti pamene kapamba anatupa, namfukiza utsi, nanena kuti agone pomwepo aone m'mawa. Anafika kwa ine Lacinai usiku, zikhato zoyera ngati pepala. Ndinambaya kwinini, koma anafunika magazi, ndipo magazi anali kutali. Anamwalira tambala asanalire.

Cimene ndinacita pambuyo pake ndico cindicititsa manyazi kufikira lero. Ndinakalipira amake pamaso pa anthu. Ndinaloza mphini zija ndi kunena kuti mwapha mwana ndinu. Mai uja sanayankhe, anafunda citenje kumutu. Koma mau anga anayenda m'midzi yonse, ndipo kwa miyezi yambiri mai aliyense amene mwana wake anali ndi mphini zatsopano anali kuopa kubwera kwa ine kufikira zitapola. Sing'anga uja anacedwetsa mwana mmodzi usiku umodzi. Ine ndi pakamwa panga sindidziwa ndinacedwetsa angati.

Cotero inu anamwino ndi anzanga a malaya oyera, mai akafika ndi mwana wa cithumwa m'khosi ndi mphini pacifuwa, mulandireni. Mfunseni mofatsa cimene mwana wamwa, cifukwa tifunika kudziwa, ndipo sadzanena zoona kwa munthu womkalipira. Kumbukirani kuti sing'anga ali m'mudzi momwemo, amdziwa mai uja ndi dzina, amlola kulipira nkhuku pambuyo pokolola, ndipo ayankha funso limene ife sitiyankha, lakuti cifukwa ninji mwana wanga. Ife tiri pa mtunda wa maora atatu, tsidya lija la mtsinje wodzala, ndipo nthawi zina mai ayenda mtunda wonsewo ndi kupeza mankhwala atha. Amene apita kwa sing'anga poyamba sacita cifukwa ca umbuli cabe. Ndipo kunyozana kumeneku tinacita kulowa, sitinabadwe nako. Pa nthawi ya atsamunda, amene anaika lamulo la za ufiti mu 1914, ambiri a boma ndi a mishoni sanasiyanitse munthu wa zitsamba ndi woloza mfiti, ndipo asing'anga anaphunzira kugwira nchito mobisa. Zinayamba kusintha mu 1978, pamene maiko anasonkhana ku Alma-Ata nabvomereza kuti asing'anga ophunzitsidwa bwino akhale nao pa nchito ya zaumoyo m'midzi, ndipo kuno kwathu asing'anga ali ndi bungwe lao lodziwika ku boma, Traditional Health Practitioners Association of Zambia. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la malungo ndi lolemera.

Kwa inu asing'anga pempho langa ndi ili. Mwana wogwedezeka, mwana wolephera kuyamwa kapena kumwa, wosanza ciriconse, wogona tulo tosadzuka, wopuma mobanika, wa zikhato ndi maso oyera, wa mkodzo wakuda ngati tiyi, ameneyo asagone pakhomo panu ngakhale usiku umodzi. Kugwedezeka kuja sikutanthauza kuti matenda asanduka a cikuda. Ndi malungo omwewo atakwera, ndipo cimene ciwatsitsa ndi jekeseni ya artesunate, imene inalowa m'malo mwa kwinini pa malungo akuru itaonetsa mu 2010 kuti ipulumutsa ana ambiri kuposa iye. Musamthire mankhwala m'kamwa mwana wokomoka, angatsamwe. Musamfunditse bulangete pamwamba pa mphika wa nthunzi. Thupi lake latentha kale, ndipo ndaona ana opsa ndi madzi otere. Ngati banja likhulupirira kuti pali dzanja la munthu, musalimbane nao usiku umenewo. Auzeni kuti za mizimu tidzakamba mwana akabwera, tsopano nyamukani. Mau amenewo akacokera kwa inu amveka. Akacokera kwa ine ayesa mkuluyu anagulidwa ndi azungu. Ndipo ngati mutha, perekezani. Sing'anga wolowa pa cipata ca kiliniki atatsogolera wodwala sacepa ai. Ambuya anga atakalamba anali kucita zimenezi, ndipo anthu anaonjeza kuwakhulupirira, pakuti odwala ao anali kubwerako amoyo.

Nchito ya mudzi siithera pa kutumiza. Mapilisi a Coartem amwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo awerengedwa monga mwa kulemera kwa munthu, kuyambira limodzi pa nthawi kwa mwana wamng'ono kufika anai kwa wamkulu. Tsiku laciwiri thupi lizizira, mwana ayamba kusewera, ndipo pamenepo ndipo amai ambiri amanga otsalawo m'kansalu kusungira mng'ono wake. Tizirombo tikali m'magazi. Ndani adzaona zimenezi? Namwino sadzaona, ali kutali. Adzaona ndi ambuya, ndi azamba, ndi asing'anga amene apita kukazonda. Mapilisiwa alowa bwino m'thupi akamwedwa ndi cakudya ca mafuta, cotero phala lothira nsinjiro, mkaka, kapena bere la amake kwa wakhanda, ndi mbali ya mankhwalawo. Kupukuta mwana ndi kansalu ka madzi ofunda, kumpatsa madzi pafupipafupi, kukhala nae usiku, zonsezi makolo anatisiyira ndipo acipatala sitinapezepo zoposa. Inu azamba, mai wapakati amvera inu: mumtumize ku sikelo msanga akalandire Fansidar womteteza iye ndi mwana. Mpungabwi ndi utsi wa ndowe zithamangitsa udzudzu pamene muli kuceza pabwalo madzulo, fukizani ndithu. Koma utsi utha, ndipo udzudzu wa malungo ugwira nchito pakati pa usiku. Neti ikhale pa mphasa. Ndaziona m'madimba zitachinga nkhuku, ndaziona ku Luangwa ziri kukokera nsomba, ndipo apa mafumu muli ndi mphamvu imene Boma liribe.

Wina angati, zonsezi nzabwino, koma mtunda udzakhalabe mtunda. Zoona. Koma taonani cimene anacita anzathu a ku Serenje mu 2017 ndi 2018. Anthu odzipereka a m'midzi anaphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro zoopsa zija, napatsidwa kambulu ka artesunate kolowetsa kumbuyo kwa mwana wosafika zaka 6 amene sangameze kanthu. Kambuluko sikaciritsa, kangogwira matenda kuti mwana afike ku cipatala ali moyo, kumene alandira jekeseni ndi kutsiriza ndi mapilisi. Midzi inalandiranso njinga zokoka kabedi, ndi anyamata osankhidwa kupalasa usiku ndi usana. Ana akufa ndi malungo akuru anali 8 pa 100 alionse; m'caka cimodzi anacepa kufika pansi pa mmodzi. Mankhwala anacokera kutali, koma maso oona mwana, miyendo yopalasa ndi mau ouza banja kuti nyamukani, zonse zinali za m'mudzi.

Cotero tisanabalalike lero, A Wapampando, ndipempha kuti nyakwawa iriyonse ikhale pansi ndi sing'anga wa m'mudzi mwake ndi wanchito wa zaumoyo wa dera lake, pansi pa mtengo uja, atatuwo adziwane maina ndi kupatsana manambala a foni. Agwirizane kuti njinga kapena ngolo yonyamula wodwala usiku ndi ya yani, ndipo ikakhala kuti mwini wake wacoka, yaciwiri ndi ya yani. Anamwino abweretsa tizipangizo topimira, ndipo ndapempha kuti asing'anga akhale oyamba kutambasula cala, aone okha mmene mzere uturukira. Ine ndiyamba, pakuti usiku wathawu mutu unali kundiwawa.